Dzino la wapakati sazula

"Imani bwino, mayi. Mukamapendeketsa mutu chonchi tepiyi inama, mawa mudzati telala waononga nsalu."

Telala wa pakhonde la golosale yoyang'anana ndi siteji ya kabaza kwathu kuno ku Lilongwe amayankhula mapini ali pakamwa, koma amamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Tsikuli amayesa diresi la matenite mayi wina wachitsikana, mimba ikuoneka ya miyezi isanu. Mutuwo sakanatha kuuimika. Tsaya lakumanzere linali litatupa mpaka diso kuchepa, ndipo anali atazunguliza duku pansi pa chibwano n'kulimanga pamwamba pa mutu. Ine ndinali pabenchi la wosoka nsapato, phazi limodzi pakatoni, kudikira kuti sandasi yanga imatidwe, ndiye makutu analibe ntchito ina.

"Ndi dzino," anatero mayi wachikulire amene anabwera naye, asanafunsidwe n'komwe. Anali apongozi ake. Zimadziwika ndi mmene mtsikanayo ankayang'anira pansi iwo akamayankhula. "Sabata yachitatu ino. Nyumba yonse sitikugona."

"Nanga osakachotsa bwanji?"

"Kuchotsa? Inu atelala, muli ndi ana inu? Dzino la wapakati sazula. Mtsempha wa dzino ndi wa mwana ndi umodzi. Akangoligwedeza chonchi, pathupi pachoka. Akamubaya jakisoni wa dzanzi uja, mwana naye achita dzanzi m'mimbamo. Apirire basi, masiku atsala pang'ono. Akachira akazule ngakhale onse."

Masiku pang'onowo ndi miyezi inayi.

Mnyamata wa kabaza amene anatsamira njinga yake yamoto pafupi analowerera. "Alamu, musavutike. Kathonje kakang'ono, mukanyike m'mafuta a mabuleki, n'kukaika pabowopo. Kachilombo kamafera pompo. Ine langa linasiya kalekale." Amayankhula dzanja lili pakamwa.

"Iwe, munthu si njinga," telala anatero, akulavulira mapini m'manja.

"Komatu sitikungomuyang'ana ayi," apongozi aja anapitiriza. "Mankhwala akumwa. Aonetseni, mayi." Mtsikanayo anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali timapepala titatu: Brufen, Indocid, ndi makapisozi ena a mitundu iwiri opanda dzina, onse ogulidwa pabenchi mumsika, pomwe amagulitsanso mankhwala a makoswe ndi mabatire a tochi. "Awiri m'mawa, awiri masana. Usiku ululu ukakula, atatu."

Apa mpamene nkhani ya mano a amayi oyembekezera imandizunguza mutu. Mantha tili nawo ambiri, ndipo ndi mantha ochokera m'chikondi, koma timaopa pulayala ya dokotala imene igwire dzino kwa mphindi zochepa, osaopa zimene zili pamfundo ya chitenje. Brufen, Indocid ndi diclofenac ndi a banja limodzi. Mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti kuyambira sabata ya 20 ya pathupi mankhwala amenewa angathe kusokoneza impso za mwana, madzi amene amakhalamo m'chiberekero n'kuchepa. Kumapeto kwa pathupi angathenso kutseka msanga kamtsempha kena ka pafupi ndi mtima wa mwana, kamene kamayenera kutsekeka iye atabadwa. Makapisozi aja akakhala tetracycline, amakalowa m'mano a mwana amene akuumbika m'mimba, mwana n'kudzamera mano achikasu kapena otuwa, oti ngakhale mutsuke bwanji sayera. Panado, womwa pa mlingo wake, ndi amene achipatala amalola. Koma Panado amangogonetsa ululu. Mafinya amene ali kunsi kwa dzino sawadziwa.

Ndipo mafinyawo sakhala malo amodzi kudikira tsiku lochira. Dzino likabowoka mpaka kufika pamtsempha, mtsemphawo umafa, tizilombo n'kutsikira kumuzu, m'fupa la nsagwada. Tsaya likatupa ngati la mtsikana uja ndiye kuti tabowola fupa, talowa m'mnofu. Likakhala dzino lakumbuyo la m'munsi, kutupako kutha kutsikira pansi pa lilime ndi pakhosi mpaka kutseka njira ya mpweya. Munthu amafa nalo dzino. Woyembekezera amene thupi latentha, pakamwa sipakutseguka bwino, malovu akumuvuta kumeza, si wodikira kuti kuche. Ngakhale zisanafike pamenepo, ganizirani mayi amene kwa masabata atatu akungomwa phala lamadzimadzi chifukwa nsima sangatafune, pa nthawi imene kusikelo akumuuza kuti azidya za magulu asanu ndi limodzi.

Mayi wogulitsa tomato, amene milu yake ili pansi pa khonde lomwelo, anaimirira akupukuta manja. Anakoka mlomo ndi chala kuti tonse tione. Magweru mbali zonse.

"Onani. Ana asanu, mano anayi. Wachisanu yekha ndi amene anandimvera chisoni. Mwana amayamwa mano a mayi ake ali m'mimba, n'chifukwa chake amatuluka ndi mafupa. Palibe chimene mungachite. Mayi anga anamwalira ali ndi awiri okha."

Anthu anagwedeza mitu. Chikhulupiriro chimenechi si chathu tokha. Ku Ulaya nako agogo ankati mwana aliyense amalipiritsa dzino. Ndipo mayi wa tomatoyo sananame kuti mano anagwa, magweru tinawaona ndi maso. Koma wolakwa si mwana. Kashiamu amene mwana amaumbira mafupa amachokera m'chakudya cha mayi, ndipo chakudya chikaperewera thupi limakatapa m'mafupa ake. Dzino likakhwima silibwezanso kashiamu wake m'magazi. Limadyeka kuchokera kunja, m'kamwa momwemo, ndipo miyezi ya pathupi imasonkhanitsa adani ake onse nthawi imodzi.

Miyezi itatu yoyamba ndi ya nseru. Masanzi amabwera ndi asidi wa m'mimba, amene amasungunula pang'onopang'ono chigoba choyera cholimba chakunja kwa dzino, makamaka kuseri kwa mano akutsogolo. Nseru ikatha, kumapeto kumabwera chilungulira, asidi yemweyo. Pakati pakepo pali nkhuli ya wapakati, imene tonse timailemekeza: nzimbe m'mawa, firizi masana, malambe oviika m'shuga, bwemba, mango osapsa, kabotolo ka Fanta kokhazika mtima pansi, masiwiti othetsa kuwawa kwa malovu. Dzino siliopa kwenikweni kuchuluka kwa shuga pa nthawi imodzi. Limaopa kubwerezabwereza. Mukangodya chotsekemera, tizilombo ta m'kamwa timapanga asidi, ndipo malovu amafuna kanthawi kuti amuchotse. Wodya kanthu ola lililonse sapatsa malovu mpata. Ena amaonjeza dothi lija logulitsidwa m'timapepala mumsika, limene limaperesa mano, ndipo kulilakalaka kwambiri kawirikawiri kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi.

Kenako nkhama. Mahomoni a pathupi amachititsa kuti nkhama zizikwiya msanga ndi zonanda zija zimene zimakanirira m'mphepete mwa mano. Zonanda zomwe kale sizinkavuta, tsopano nkhama zimatupa nazo, zimafiira, mukangozikhudza magazi chuu. Zimayamba cha m'mwezi wachiwiri kapena wachitatu, n'kumakula mimba ikamakula. Bungwe la CDC ku America limati mwa amayi oyembekezera 100 aliwonse, 60 mpaka 75 amakumana ndi vutoli. Ndiye taonani mmene msampha wake umagwirira: mayi walavula, waona magazi, wakumbukira kuti kusikelo anamuuza kuti magazi ake ndi ochepa, wasiya kutsuka kuti asataye otsalawo. Zonanda zachuluka, nkhama zatupiratu, magazi achulukanso. Akachira, khanda lili kumsana, wamkulu akulira, mswachi waiwalika pawindo. Mimba yachiwiri imapeza kabowo kamene yoyamba inasiya. Pofika mwana wachisanu, masamu a mayi wa tomato aja akwana ndithu, ngakhale kuti palibe mwana amene anayamwa dzino.

Zonsezi ndinalibe mpata wozinena, komanso mwamuna wovala sandasi imodzi salangiza apongozi a eni. Amene anazinena ndi mayi wina amene dera lonse limangomutchula kuti anesi, ngakhale anapuma ntchito kalekale ndipo masiku ano amaweta nkhuku. Anabwera kudzatapa ndalama pakabokosi ka eyenti, anaona tsaya lija, n'kuiwala ndalamazo.

"Mwanawe, tamasula dukuyo. Yasamula." Mtsikanayo anayasamula pang'ono. "Zala ziwiri zikulowa? Chabwino. Ukumeza bwinobwino? Thupi likutentha usiku?" Anamugwira pansi pa chibwano, kenako pachipumi ndi kuseri kwa dzanja. "Miyezi ingati?"

"Isanu."

"Ndiye ukudikira chiyani? Nthawi yake ndi inoyo. Nseru yatha, mimba sinalemere, pampando paja ukhala bwinobwino. Ukadikira mwezi wachisanu ndi chitatu ukavutika kugona chagada, mwana amapsinja mtsempha waukulu wa kumsana, umachita chizungulire. Ngakhale pamenepo amangokupendeketsa kumanzere, kapilo pansi pa chiuno chakumanja, ntchito n'kugwirika. Palibe mwezi woletsedwa dzino likafika potupa chonchi."

"Anesi, ndi ulemu wonse," apongozi anatero, akukonza chitenje, "jakisoni uja..."

"Jakisoni uti, anzanga? Wa dzanzi? Inu pochira sanakusokeni? Mankhwala amene timabaya mayi tikamamusoka m'chipinda chochirira ndi omwewo amabaya pankhama, lignocaine. Amagwira pomwe abayapo. Mlomo uchita dzanzi maola awiri, atatu, basi. Mwana sadziwa n'komwe. Mtsempha wa dzino umapita kumutu, supita kuchiberekero. Ine ndabereketsa ana osawerengeka, sindinaonepo mchombo wolumikizana ndi chibwano."

Anyamata a kabaza anaseka. Apongozi sanaseke, ndipo anesi akanatha kunena mofatsa kuposa apo, koma anthu amene anagwira ntchito m'mawodi odzadza kufatsa kunawathera komweko.

Anatembenukira kwa amayi ena awiri oyembekezera amene anaima kumvetsera, wina atasenza beseni la chimanga chopita kuchigayo. "Inunso mumve. Mukasanza musathamangire mswachi. Asidi amakhala atafewetsa dzino, mukakwecha pompo mukulipala nokha. Chukuchani ndi madzi, kapena musungunule supuni yaing'ono ya soda m'kapu ya madzi, soda yemweyu wa therere. Muchukuche, mulavule, osameza. Pakapita ola ndiye mutsuke."

"Ine Colgate akangondinunkhira ndimasanza," wa beseni anatero.

"Tsuka nthawi imene nseru yachepa, si lamulo kuti ukangodzuka. Gula mswachi wa ana, wa kamutu kakang'ono, wofewa. Kawiri pa tsiku, ndipo kofunika kwambiri ndi kogonera. Ukatha ulavule thovu, usachukuchenso ndi madzi, mankhwala aja a fuloraidi atsalire pamano. Nkhama zikatuluka magazi usasiye, pamenepo ndiye pofunika kutsuka, mofatsa. Magazi a m'nkhama sangakuthere thupi. Wopanda mswachi wa kusitolo, wa mtengo umachotsa zonanda ukaugwiritsa bwino. Koma makala ndi phulusa, ayi, mukungoperesa mano. Ndipo mukaona kachotupa kofiira katamera pakati pa mano, kotuluka magazi, musathamangire kwa asing'anga kuti akulodzani. Kamabwera ndi pathupi, kawirikawiri kamaphwa mukachira. Kakaonetseni kuchipatala basi."

Nthawi yonseyi mwini dzino anali chete. Atayankhula, mawu ake anatuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"Ndinapitatu, anesi."

"Unapita kuti?"

"Kuchipatala, sabata yatha, amayi asakudziwa. Ndinakhala pamzere kuyambira m'mawa. Nditalowa, bambo wake wa mano anangoyang'ana mimba, sanayang'ane n'komwe m'kamwa. Akuti, 'Mayi, mubwere mukachira.' Anandilembera Panado."

Apongozi anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Mwamvatu nonse? Achipatala omwewo! Ndiye mukati ine ndine wachikale?"

Anesi anakhala kaye chete, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndinawaona atasowa chonena.

Ndi zoona, mwambi wa apongozi uja uli ndi abale ake ovala zoyera. Ndipo si kuno kokha. Kwa zaka zambiri madokotala a mano m'mayiko ambiri ankaopa kugwira woyembekezera. Chifukwa chake n'chomveka: mimba zina zimachoka zokha, makamaka miyezi yoyambirira, ndipo ikachoka mawa lake munthu atazula dzino, mudzi wonse udziwa woloza chala. Kukana kulibe mlandu woonekera. Koma umboni unabwera kale. Mu 2006 ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa amayi oyembekezera 823 odwala nkhama: ena anawapala mano ndi kuwatsuka kunsi kwa nkhama ali ndi pathupi, ena anadikira kuti achire kaye. Chithandizocho sichinavulaze amayi kapena ana. Mu 2013 bungwe la madokotala a amayi la kumeneko, ACOG, linalemba poyera kuti kutsuka mano, kumata, kuzula, jakisoni wa dzanzi, ngakhale kujambula dzino ndi X-ray, zonse n'zotheka pa nthawi ya pathupi, ndipo kuchedwetsa chithandizo ndi kumene kumabala mavuto aakulu. Pepalalo lilipo. Kuti lifike m'mutu mwa aliyense wogwira pulayala ndi nkhani ina.

Tisawaweruzenso mopitirira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo pa nthawiyo madokotala a mano m'dziko lonse sankafika 50, ambiri ali m'mizinda. Mmalawi wofuna udokotala wa mano ankayenera kukaphunzira kunja mpaka mu 2019, pamene College of Medicine, imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inatsegula maphunzirowa mothandizana ndi University of Glasgow, pa ntchito yotchedwa MalDent ya ndalama za boma la Scotland. Ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Amene asenza katunduyu m'zipatala za m'maboma ndi madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo odwala ambiri amawafikira dzino litatheratu, chotsala n'kuzula basi. N'chifukwa chake kwa ambiri a ife "kupita kumano" ndi "kukazula" ndi chinthu chimodzi. Zoti kabowo kakang'ono amamata, zoti mano amapala nkhama n'kuchira, timazimva ngati za anthu olemera a ku Area 10.

Nanga kusikelo? Kuyambira pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti woyembekezera azionedwa kasanu ndi katatu, mayi wokhulupirika amadziwana ndi benchi la kusikelo kuposa la kutchalitchi. Amamuyeza thupi, kuthamanga kwa magazi, mimba ndi tepi. Amamukoka chikope kuona ngati magazi alipo, amamuyeza HIV ndi chindoko, amamubaya katemera wa kafumbata, amamupatsa neti ndi mapiritsi oonjezera magazi. Zonsezi n'zopulumutsa moyo. Koma kawirikawiri pakamwa amamuyasamulitsa pomumwetsa Fansidar pokha. Funso limodzi, "Kodi muli ndi dzino lowawa, nkhama zikutuluka magazi?", silifuna magetsi kapena ndalama za kunja.

Amene anathetsa chete uja ndi mtsikana wa pakabokosi ka eyenti, akusuzumira pawindo lake. "Mkulu wanga ali woyembekezera ankapatsidwa chingamu kusikelo. Akuti chothandiza kuti mwana asabadwe masiku asanakwane."

Apa ndiye siteji yonse inagwa ndi phwete. "Chingamu! Boma latha mankhwala, layamba kugawa chingamu!" Wina anati ndiye ana asukulu onse ndi madokotala.

Komatu mtsikanayo samanama. Kuno komwe, m'zipatala zing'onozing'ono zisanu ndi zitatu za m'boma la Lilongwe, akatswiri a Baylor College of Medicine ndi anzawo a ku Malawi anachita kafukufuku wotchedwa PPaX, wa amayi 10,069. M'zipatala zinayi amayi ankangolandira uphungu wa kasamalidwe ka m'kamwa ndi ka pathupi. M'zinayi zinazo ankalandiranso chingamu cha xylitol choti azitafuna kawiri pa tsiku. Xylitol amatsekemera ngati shuga, koma tizilombo toboola mano sitingathe kumusandutsa asidi. Zotsatira zimene analengeza mu February 2022 zinali zoti mwa amayi a chingamu, 12.6 peresenti anabereka masiku asanakwane, pomwe mwa enawo anali 16.5 peresenti. Anasankha Malawi pa chifukwa: lipoti la 2012 la Born Too Soon linaika dziko lino pamwamba pa mayiko onse, ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa osakwana masiku. Ku Mangochi nako, akatswiri a ku Finland ndi a kuno anajambula nsagwada za amayi opitirira 1,000 atangochira, n'kupeza kuti amene anali ndi matenda kumizu ya mano mimba zawo zinali zofupikirapo ndipo ana awo opepukirapo.

Ganizo la akatswiri ndi loti nkhama zodwala ndi chilonda chimene sichipola, ndipo tizilombo take ndi ukali umene thupi limalimbana nato zimalowa m'magazi mpaka kukafika kunsengwa. Koma pano tiyende bwino. Kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri si umboni woti china chabala chinzake. Umphawi, kusadya bwino ndi fodya zimaononga nkhama, zimafupikitsanso mimba. Kafukufuku uja wa 2006, amene anaonetsa kuti kupala mano n'kosaopsa, anapezanso kuti sikunachepetse ana obadwa masiku asanakwane. Wa chingamu anafananiza zipatala zisanu ndi zitatu zokha, ndipo afunika kubwerezedwa kwina. Chingamu cha m'botolo la pagolosale, chija cha mitundumitundu, n'cha shuga weniweni: wotafuna chimenecho akudyetsa tizilombo.

Chimene chinandikhudza ine n'china. Kuyambira pamene telala anafunsa funso lake, aliyense pakhondepo ankakangana za mwana. Apongozi akuti musazule, mupha mwana. Anesi akuti zulani, mupulumutsa mwana. Ngakhale akatswiri, kuti apeze ndalama zofufuzira m'kamwa mwa mayi, amayenera kulonjeza kuti zithandiza mwana. Mwini tsaya, amene sanagone masabata atatu, anali ataima pakati pathu tepi ya telala ili m'khosi, ndipo palibe anamufunsa kuti ululu wafika pati. Ngakhale zitadzapezeka kuti dzino lowola silikhudza mwana ngakhale pang'ono, ndi lowawabe, ndipo likuwawa munthu.

Anesi anali atapezanso mawu. "Wakubwezayo analakwa, ndipo ndikanamudziwa ndikanamuuza pamaso. Mawa upite kuchipatala chachikulu, kumano. Utenge buku lako la kusikelo, uwauze miyezi, uwaonetse ndi mankhwala onse amene ukumwa. Akafuna kukupatsa ophera tizilombo alipo oyenera wapakati, amoxicillin ndi amodzi mwa iwo, koma akulembere iwowo, osati wa pabenchi. Ukadye kaye usanapite, usakakomoke pamzere. Usiku uno Panado ndi madzi ofunda a mchere. Ukaona kutupa kukutsikira pakhosi, usadikire mawa."

Kenako, ngati kuti akufuna kubweza ulemu umene anawalanda, anatembenukira kwa apongozi. "Inu mukufuna mdzukulu wa mano abwino, eti? Mano ake ayamba kale kuumbika, anayamba mimba ili ndi masabata asanu ndi limodzi, pano akulimba. Onse makumi awiri adzabadwa nawo obisika m'nkhama. Mugulireni mayiyu usipa, bonya, adye ndi minga yomwe. Chisoso, bonongwe, mkaka ukapezeka. Ndipo akadzabadwa, zomutafunira chakudya, zolawa phala ndi supuni yake yomweyo, muchepetse. Mwana sabadwa ndi tizilombo toboola mano, timamupatsa ndife ndi malovu athu. M'kamwa mwa mayi mukakhala mabowo, mwana amalandira zambiri."

"Ife tonse anatitafunira," apongozi anang'ung'udza, "tinakula."

"Tinakula, inde," mayi wa tomato anayankha, n'kukokanso mlomo wake uja.

Apongozi anayang'ana magweruwo nthawi yaitali kuposa poyamba. Kenako anati nkhani yotere sangaigamule okha, mwini mimba alipo. Anatulutsa foni pachifuwa, mtsikana wa eyenti anawathandiza kuika pa laudi, ndipo tonse tinamva mwamunayo akuyankha ali pamwamba pa nyumba ina imene amakhoma malata. Anamvetsera mayi ake, anamvetsera anesi, nyundo za anzake zikulira kumbuyo.

"Ndiye ndalama zingati?"

"Chipatala cha boma salipira, bambo. Yanu ndi thiransipoti."

"Aaa, chifukwa ine ndinawerengera beseni, zitenje, pepala lakuda, lezala, ulusi, tochi. Za dzino sizinali pamndandanda." Anapuma. "Amayi, mupite naye. Ndibwereka kwa abwana. Ine kugona ndikufunanso."

"Ndipita naye," apongozi anatero atadula foni, "ndikaone ndi maso anga. Ndipo ndikakhala m'chipinda momwemo. Akakangotenga chinthu chimene sindikuchimvetsa, ndikamutulutsa."

"Mukakhale," anesi anatero. "Mukamugwire dzanja."

Mnyamata wa kabaza uja anaona mwayi. Anati iye awanyamula onse awiri mbandakucha, mtengo wa pachibale. Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatayala. Munthu wa miyezi isanu pa njinga yamoto, ndi maenje a msewu uwu? Akwera minibasi, ndipo akhala kutsogolo. Pa ichi chokha anesi ndi apongozi anagwirizana popanda mtsutso.

Anesi anatambasula dzanja, mtsikana anaikamo timapepala tija. Anamubwezera kamodzi ka mtundu uliwonse koti akaonetse kuchipatala, otsalawo anaponya m'chikwama chawo.

"Anesi, amenewo musataye," wa kabaza anatero. "Msana wanga umandivuta, mundigaireko."

"Bwera kuno iwe. Chotsa dzanjalo pakamwa. Dzino lija unathira mafuta a mabuleki, tayasamula ndilione."

"Linapola, anesi."

"Yasamula."

Mnyamatayo anavala chipewa chake, anaponda sitata, n'kukuwira munthu wina kutsidya kwa msewu amene sanamuitane n'komwe: "Tiyeni, bwana, tikupita!"